Anagula Tatikazi Tokhatokha, Kamodzi N'kumera Thumba

Pakati pa anthu oweta nsomba za m'madzi amchere m'nyumba zawo, ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, pali dandaulo limene silikalamba. Munthu amapita kwa wogulitsa n'kunena momveka bwino kuti akufuna timahatchi ta m'nyanja tatikazi tokhatokha, titatu kapena tinayi, chifukwa sakufuna chintchito cholera ana. Wogulitsa amasuzumira m'thanki yagalasi, kusankha topanda thumba pamimba, n'kumulongedzera. Miyezi imapita. Tsiku lina m'mawa, poyatsa nyali kuti adyetse ziweto zake, mwini thanki amaona kuti kamodzi kasintha: kunsi kwa mimba, pamene pamayambira mchira, patuluka kachikopa kofufuma. Sipapita nthawi, kayamba kuzungulirazungulira tinzake, kwinaku kakutsegula kachikopa kaja n'kumapopamo madzi. "Mkazi" uja ndi mwamuna.

Ambiri amathamangira kunena kuti kasanduka. Maganizowo si opusa ayi, chifukwa m'nyanja zilimo nsomba zimene zimasandukadi. Clownfish, ija inatchuka ndi filimu ya Finding Nemo, imayamba ili yaimuna, ndipo yaikazi yolamulira pagulu ikafa, yaimuna yaikulu imalowa m'malo mwake n'kukhala yaikazi. Mitundu yambiri ya nsomba zotchedwa wrasse imachita mosemphana, yaikazi ndiyo imasanduka yaimuna. Koma kahatchi ka m'nyanja sikali m'gulu limenelo. Kobadwa kakamuna kamafa kakamuna. Chimene chinachitika n'chakuti kanachedwa kukhwima, ndipo ana onse a timahatchi, asanafike msinkhu, amaoneka ngati aakazi. Chizindikiro chodalirika cha umuna n'chimodzi, thumba, ndipo thumbalo silimva za kalendala ya wogulitsa.

Nsomba imene mimba amatenga ndi bambo

M'nyanja yathu ya Malawi kansomba aka mulibe, n'kutheka kuti owerenga ambiri anangokaona pachithunzi. Kwawo ndi m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja zamchere, m'udzu wa pansi pa madzi, m'mizu ya mitengo ya mangrove ndi m'makorali. Kufupi ndi kwathu kamapezeka m'gombe la Mozambique, Tanzania ndi South Africa. Mitundu yake ndi yoposa 40, ndipo asayansi amaitchula yonse ndi dzina limodzi lakuti Hippocampus. Kamasambira choimirira, mutu utaweramira kutsogolo. Mamba kalibe, thupi lake lakutidwa ndi timafupa tolumikizana pansi pa khungu. Mchira ndi wogwirira, kamaukulunga ku udzu kuti mafunde asakatenge, ndipo diso lililonse limayang'ana kwalokha. Mano kalibe, chifu kalibenso. Mfundo ya chifuyi muisunge, tiyifuna kutsogoloku.

Msodzi wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota sangadabwe kumva za nsomba yolerera ana m'thupi, paja chambo chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa mpaka ana atayamba kusambira okha. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa kahatchi ntchitoyi ndi ya bambo, ndipo thumba lake si mosungira chabe. Pa tsiku lokwerana, tiwirito timakwera m'mwamba m'madzi mimba zitagundana, kakakazi n'kukhuthulira mazira m'thumba la kakamuna kudzera m'kachubu kakafupi. Zimatenga masekondi ochepa. Kakamuna kamathira mbewu yake pa mazirawo, kukamwa kwa thumba n'kutsekeka. M'katimo khungu limafufuma, mitsempha ya magazi imachuluka, dzira lililonse limakhazikika m'kadzenje kakekake. Mpweya umachoka m'magazi a bambo kupita kwa ana. Mchere wa madzi a m'thumbamo umasintha pang'onopang'ono kuti pofika tsiku lobadwa ukhale utafanana ndi wa m'nyanja, anawo asadzidzimuke akatuluka.

Camilla Whittington ndi anzake a ku University of Sydney anafufuza thumba la mtundu waukulu wa ku Australia, Hippocampus abdominalis. Zimene anayamba kufalitsa mu 2015 zinasonyeza kuti bambo amawonjezera chakudya pa chimene mayi anaika m'dzira, monga mafuta, ndiponso kuti mbali zambiri za DNA zimene zimadzuka m'thumbamo pa nthawi ya mimba n'zofanana ndi zimene zimagwira ntchito m'chiberekero cha nyama zoyamwitsa. Mimba imatenga masiku 10 m'timitundu tating'ono, sabata ziwiri kapena zitatu m'mitundu yoweta m'nyumba, mwezi kapena kuposa m'mitundu ya m'madzi ozizira. Ikakwana, kakamuna kamagwira udzu ndi mchira, n'kumadzipinda ndi kudziwongola mwamphamvu, ana akutuluka m'magulumagulu.

Chiwalo chotere n'chodula. Thupi losowa silingachimange, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kuchedwa.

Mmene thumba limamerera

Silituluka tsiku limodzi. Mari Kawaguchi wa ku Sophia University mumzinda wa Tokyo, pamodzi ndi anzake, anatsata kameredwe kake pa mtundu womwewu wa abdominalis n'kulemba zimene anaona mu 2017. Limayamba ndi timizere tiwiri ta khungu, kwina kumanzere kwina kumanja kwa kunsi kwa mchira. Timizereto timatukuka, timakula kulowera pakati, timakumana n'kumatana, kusiya kabowo kamodzi kumtunda. Pa nthawi imeneyi thumba lilipo koma ndi lachabechabe. Minofu ya m'kati, imene imadzagwira mazira ndi kuwapatsa mpweya, imakhwima pambuyo pake.

Oweta ozolowera sadikira mpaka thumba lifufume. Amadikira kahatchi katembenuke cham'mbali pafupi ndi galasi, n'kukaunika ndi tochi. Kwa kakakazi, mimba imatha mwadzidzidzi, imapanga kona pamene ikukumana ndi mchira, ndiye amati thupi lake lili ngati chilembo cha P. Kachipsepse kakang'ono ka kunsi kwa mimba kamaonekera bwinobwino, kataloza panja. Kwa kakamuna, mzere wa mimba umatsetsereka mosalala mpaka kumchira, ngati chilembo cha D, ndipo kachipsepse kaja kamakhala ngati kakubisala pakamwa pa thumba. Zisanafike pamenepo, chimene chimayamba kuoneka ndi kamzere kakuda kapena kachigamba kosalala pamphete zoyambirira za mchira, pamene timinga ta mafupa tayamba kukwiririka ndi khungu. Wosazolowera angakayang'ane sabata yathunthu osaona kanthu. Ngakhale alimi a timahatchi odziwa ntchito yawo amaphonya, chifukwa kakamuna kamene sikanayambe n'komwe kumera timizere tija kamakhala P weniweni.

Nanga thumba limayenera kubwera liti? Yankho limadalira mtundu. Kahatchi kakang'onong'ono ka ku Florida ndi ku Bahamas, Hippocampus zosterae, sikapitirira kwenikweni masentimita awiri ndi theka. Kirk Strawn, amene anakafufuza ku Cedar Key ku Florida n'kufalitsa zotsatira zake mu 1958, anapeza kuti kamakhwima pa miyezi itatu. Kalibe nthawi yotaya, poti moyo wake wonse ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mitundu yapakatikati imene anthu ambiri amaweta, monga Hippocampus erectus wa kugombe la kum'mawa kwa America ndi Hippocampus reidi wa ku Brazil ndi ku Caribbean, kawirikawiri imaonetsa thumba pakati pa miyezi inayi ndi theka la chaka ikamadya bwino. Abdominalis, amene amatha kufika masentimita 35, amatenga nthawi yotalikirapo. Kahatchi ka ku Knysna ku South Africa, Hippocampus capensis, kamakhwima patatha pafupifupi chaka, katafika masentimita 6 ndi theka.

Manambala amenewa ndi othandiza, koma amasocheretsa munthu akawatenga ngati lamulo. Mu 2004 Sarah Foster ndi Amanda Vincent anasonkhanitsa zonse zimene zinali zodziwika pa moyo wa timahatchi n'kuzilemba m'magazini ya Journal of Fish Biology. Chimodzi mwa zimene zinaonekera n'chakuti kutalika kwa thupi kumalosera kukhwima bwino kuposa miyezi. Tiwiri tobadwa usiku umodzi, m'thumba limodzi, tingasiyane miyezi ingapo pa kukhwima ngati kamodzi kanakula msanga kena n'kutsalira. Mwini thanki amawerenga miyezi, thupi la kahatchi limawerenga masentimita.

Mfundo ya masentimitayi inalowa mpaka m'malamulo a malonda a padziko lonse. Timahatchi mamiliyoni ambiri timagwidwa chaka chilichonse, tambiri mwangozi m'makoka okokedwa ndi sitima zogwira nkhanu, n'kuumitsidwa kuti tikagulitsidwe ngati mankhwala a makolo a ku China. Vincent, amene mu 1996 anayambitsa bungwe la Project Seahorse pamodzi ndi Heather Koldewey, ndiye anatsogolera poulula kukula kwa malondawa. Mu 2002, pamsonkhano wa pangano la CITES mumzinda wa Santiago ku Chile, mayiko anagwirizana zoika mitundu yonse ya Hippocampus pamndandanda wa zamoyo zimene malonda ake ayenera kuyang'aniridwa, ndipo zinayamba kugwira ntchito mu May 2004. Langizo limene linatsatira linali losavuta kukumbukira: kosakwana masentimita 10 kasatumizidwe kunja. Anasankha 10 chifukwa m'mitundu yambiri yogulitsidwa, kahatchi kofika pamenepo kamakhala katakhwima kale, mwayi wobereka kataupeza. Kunyanja palibe amene angafunse nsomba tsiku lake lobadwa, koma rula aliyense angathe kuigwira.

Njala ya m'thanki yodzaza chakudya

Tibwerere m'nyumba. Chifukwa choyamba cha kuchedwa, chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse, ndi chakudya. Paja tinati kahatchi kalibe chifu. Chimene kameza chimangodutsa m'matumbo mofulumira, ndiye kunyanja kamakhalira kudya tsiku lonse, kataima phee paudzu, kakudikira tinkhanu tating'onoting'ono tidutse kuti katiyamwe ndi kamlomo kake kotalika. Kuyamwako n'kwa mphamvu ndithu, moti munthu woima pafupi ndi thanki amamva kaphokoso kakuti "tha!" nthawi iliyonse kakagwira. M'nyumba, mwini wake amapita kuntchito. Amadyetsa m'mawa, amadyetsa madzulo, basi. Kwa kahatchi kakakulu zimenezi zimakwanira. Kwa kamene kakukula, kamene kakufunika kumanga mafupa, minofu, kenako thumba, kawiri patsiku ndi moyo wongopulumukira.

Ndiye pali mtundu wa chakudyacho. Timahatchi tobadwira m'mathanki timaphunzitsidwa kudya tinkhanu totchedwa mysis, touma ndi chisanu m'firiji. Tambiri mwa timeneti si ta m'nyanja yamchere n'komwe: timakololedwa m'nyanja ya Okanagan ku Canada, kumene boma linatithira mu 1966 poganiza kuti tidzanenepetsa nsomba za kumeneko, koma tinayamba kulanda chakudya cha ana a nsomba zomwezo. Cholakwa cha akatswiri a ku Canada chinasanduka chakudya cha timahatchi ta m'nyumba za anthu. Mysis ndi chakudya chabwino, chili ndi zomanga thupi zambiri, koma chikakhalitsa m'firiji, kapena chikasungunuka n'kuumitsidwanso, mafuta ake amawonongeka ngakhale maonekedwe asasinthe.

Choipa kwambiri ndi kudalira Artemia, tinkhanu ta m'nyanja zowawa mchere ngati Great Salt Lake ya ku Utah. Mazira ake amagulitsidwa ouma m'zitini, ndipo ukawathira m'madzi amchere opopedwa mpweya amaswa pakangotha tsiku limodzi. N'tosavuta, ndiponso timahatchi timatikonda chifukwa timayendayenda. Koma Artemia payekha alibe mafuta okwanira a mtundu wa DHA, amene nsomba za m'nyanja yamchere zimafuna pomanga ubongo, maso ndi mazira. Alimi odziwa amayamba adyetsa Artemia mafuta amenewo kwa maola angapo asanam'pereke kwa timahatchi. Wosadziwa amaona ziweto zake zikudya mokondwa, mimba zili tototo, koma osakula. Ikatha miyezi isanu ndi itatu amadabwa kuti thumba lili kuti.

Palinso kulimbirana. Kahatchi kamadya mwaulemu: kamayang'ana kankhanu ndi diso limodzi, kusendera, kuyang'ananso, kenako n'kuyamwa. Mukakaika pamodzi ndi nsomba zothamanga, kamatsala chimanjamanja. Ngakhale pakati pa timahatchi tokhatokha pamakhala kolimba mtima kamene kamafika koyamba ndi kamanyazi kamene kamadikira kuseri kwa mwala. N'chifukwa chake oweta ambiri amaika kambale kapena chigoba cha nkhono pansi pa thanki, ndi timitengo togwirira mozungulira, n'kumathira mysis momwemo ndi kachubu. Timahatchi timazolowera, moti nthawi ikakwana timakhala titazungulira kale mbaleyo, michira itakoloweka. Ubwino wake ndi wakuti mwini amaona ndi maso kamene kadya ndi kamene sikanadye. Kawirikawiri kochedwa thumba kamakhala komwe kaja kofika mochedwa kumbale.

Kutentha: mpeni wakuthwa konsekonse

Nsomba ilibe kutentha kwakekwake, thupi lake limatsata madzi. Madzi akafunda kamadya kwambiri, kamakula msanga, kamakhwima msanga, ngakhale mimba imafupika. Akazizira zonse zimayenda pang'onopang'ono. Munthu angaganize kuti mankhwala a kuchedwa apezeka: kwezani hita. Apa ndi pamene ambiri amaphera ziweto zawo.

Vuto ndi mabakiteriya otchedwa Vibrio, amene amakhala m'madzi amchere kulikonse ndipo amaswana mofulumira madzi akafunda. Kunyanja madzi ndi ambiri ndipo amasinthasintha. M'thanki ya malita 120, mmene mumagwera nyenyeswa za mysis kawiri kapena katatu patsiku, Vibrio amapeza phwando. Timahatchi sitilimba naye: nsonga ya mchira imayera n'kuyamba kuola, kamlomo kamachita zilonda, kenako kasiya kudya. Pothawa zimenezi, oweta odziwa amasunga ngakhale mitundu ya kotentha pa madigiri 22 mpaka 24, kutsika pang'ono poyerekeza ndi mmene madzi a kwawo amafundira m'chilimwe. Abdominalis amafuna ozizira kuposa apo, osapitirira kwenikweni madigiri 18 kapena 19, ndiye pamafunika makina oziziritsa madzi oyaka usana ndi usiku. (Amene akulota zoweta timahatchi kumene magetsi amazimazima ayambe waganizira za makina amenewa, pampu ya mpweya, ndi firiji yodzaza mysis.)

Choncho kuchedwa kwina n'kochita kusankha. Mlimi wamkulu, wokhala ndi madzi oyenda nthawi zonse ndi zipangizo zophera tizilombo, angathe kulera ana m'madzi ofunda kuti afike msanga pamsika. Woweta m'nyumba amatsitsa kutentha kuti ziweto zake zikhale ndi moyo, ndipo mtengo wake ndi kukula pang'onopang'ono. Kahatchi kogulidwa kali kakang'ono, kuchoka m'madzi ofunda a pafamu kulowa m'madzi ozizirirapo a m'nyumba, kamabwerera m'mbuyo pa liwiro la kakulidwe kake. Kwa ine umenewu ndi mtengo woyenera kulipira. Thumba lochedwa miyezi iwiri silinaphepo kahatchi, koma mchira woola wapha tambiri.

Kuwala nakonso kuli ndi mbali yake. Strawn uja anaona kuti ku Cedar Key timahatchi tating'ono timaswana kuyambira mu February mpaka mu October, ndipo nyengoyi imatsata kutalika kwa usana. Ka ku Knysna kamaswana m'chilimwe cha kumeneko, madzi akafunda kufika cha m'madigiri 20. Thanki ya m'chipinda chochezera ilibe chilimwe kapena chisanu. Nyali imayaka mwini akadzuka, imazima akatopa ndi wailesi yakanema, lero maola 8, mawa 15. Alimi amaika nyali pa wotchi yodziyatsira yokha, usana wa maola 12 kapena kuposa pang'ono, tsiku ndi tsiku mosasintha.

Kodi akuluakulu amapondereza achichepere?

Oweta ena amalumbira kuti kakamuna kakang'ono kamachedwa dala kukakhala kakamuna kakakulu m'thanki, ndipo kakakuluko kakachotsedwa thumba limatuluka msanga. Amenewa ndi maganizo a oweta, ochokera pa zimene amaona m'nyumba zawo, koma ali ndi pochokera, ndipo pochokerapo ndi kwathu kuno. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Salima kuyambira m'ma 1970, zinaphunzitsa oweta nsomba a ku Ulaya ndi ku America chinthu chimodzi: m'mitundu yambiri, yaimuna yogonja imabisa mitundu yake yowala n'kumaoneka ngati yaikazi kuti yolamulira isaimenye. Russell Fernald wa ku Stanford University anatha zaka zambiri akufufuza wachibale wa mbuna wa ku nyanja ya Tanganyika, Astatotilapia burtoni, n'kusonyeza kuti yaimuna yogonja imakhala ndi ziwalo zoberekera zazing'ono, ndipo ikangopeza malo akeake mtundu wake umawala m'mphindi zochepa, ziwalozo n'kuyamba kukula m'masiku otsatira.

Munthu amene anaweta mbuna asanayambe timahatchi amabwera ndi nzeru imeneyi m'mutu, n'kuiona paliponse. Koma kahatchi si mbuna. Tatimuna timalimbana ndithu, timakokana michira ndi kumenyana ndi timilomo polimbirana kakakazi, koma sitilondera malo mwankhanza ngati mbuna. Ndipo pali kufotokoza kosavuta: kakamuna kakakulu kakachoka, kakang'ono kamapeza mysis wambiri kumbale. Kaya ndi mantha kaya ndi njala, chochita n'chimodzimodzi, kukapatula kochedwako kuti kazidya kokha.

Chifukwa china n'chosasangalatsa, koma chimachitika kawirikawiri: mwini sadziwa chimene anagula. Timahatchi timasintha mtundu wa khungu malinga ndi malo, kachikasu lero kangakhale kakuda mwezi wamawa, ndipo mitundu yosiyana imafanana kwambiri. Dzina lakuti Hippocampus kuda lakhala likumatidwa pa timahatchi tamitundumitundu tochokera ku Asia. Zaka zimene wogulitsa wam'sitolo amatchula nthawi zambiri ndi zongoyerekeza. Mafamu odziwika, monga Ocean Rider wa ku Kona ku Hawaii, amene anayamba mu 1998, kapena a ku Beauty Point ku Tasmania, amadziwa mtundu ndi msinkhu wa ziweto zawo chifukwa zinabadwira m'manja mwawo. Koma kahatchi kodutsa m'manja anayi kasanafike m'sitolo kangakhale "kochedwa" pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti ndi kakang'ono kuposa mmene ananenera.

Thumba labwera, ndiye?

Kumera thumba si kutha kwa ulendo. Foster ndi Vincent anachenjeza kuti thumba looneka ndi maso silitanthauza kuti kakamuna kakonzeka kutenga mimba, ndipo zimene Kawaguchi anaona za minofu ya m'kati zikufotokoza chifukwa chake. Kwa kakakazi nkhani ndi yovutirapo, poti kuchedwa kwake sikuoneka n'komwe. Palibe chimene chimamera. Mwini amadziwa kuti kakhwima pokhapokha akaona mimba yake itafufuma m'mbali kwa maola angapo, kapena akapeza timazira tofiirira ngati lalanje titamwazika pansi pa thanki.

Timazira tapansito timasimba nkhani yakeyake. Kakakazi kakakhwimitsa mazira sikangawasunge nthawi yaitali, ndiye kakalephera kuwapereka kamawataya. Achinyamata amaphonyaphonya, kakamuna kosazolowera kamatsegula thumba mochedwa kapena kupendekeka pa nthawi yolakwika. Koma nthawi zambiri cholakwa chimakhala cha thanki. Pokwerana timafuna mtunda wokwera m'mwamba, ndipo m'thanki yaifupi timagunda pamwamba pa madzi tisanamalize. Langizo la oweta n'lakuti kuya kwa madzi kukhale pafupifupi katatu kutalika kwa kahatchi katatambasula mchira. Mathanki ambiri a m'sitolo ndi aatali cham'mbali, opangidwira nsomba zosambira chogona, ndiye banja lokhwima bwinobwino lingathe chaka osabereka, mwini n'kumaliimba mlandu wa kuchedwa.

Zikayenda, amayamba kuona chimene Vincent anachilemba atatha nthawi yaitali pansi pa madzi kudoko la Sydney akuonerera mtundu wa Hippocampus whitei: moni wa m'mawa. Dzuwa likangotuluka, kakakazi kamapita kwa mwamuna wake, tonse tiwiri timawalitsa khungu, timagwira udzu umodzi ndi michira n'kumauzungulira, kenako n'kuyenda limodzi pansi michira italukana. Zimatenga mphindi zochepa, tsiku lililonse, mimba yonse. Kakamuna kakabereka, sipapita tsiku lathunthu kasanalandire mazira ena.

Apa ndi pamene munthu uja wosafuna ana amamvetsa chimene chamugwera. Erectus mmodzi amatha kutulutsa ana mazanamazana pa mimba imodzi, reidi nthawi zina kupitirira 1,000, ndipo zimabwerezeka sabata ziwiri kapena zitatu zilizonse. Anawo amabadwa aatali pafupifupi sentimita imodzi, ofuna chakudya chamoyo kangapo patsiku kuyambira tsiku loyamba, m'thanki yawoyawo yopanda pampu yowameza. A reidi ndi ovutirapo, chifukwa sabata zoyambirira sagwira kanthu ndi mchira, amangoyandama, ndipo akameza mpweya pamwamba pa madzi sathanso kumira. Ambiri amafa mwezi usanathe ngakhale m'manja mwa odziwa. Kukawataya kunyanja n'kosaloleka, poti angatengere matenda a m'thanki kwa timahatchi takutchire kapena kusokoneza mtundu wa kumaloko. Ku South Africa lamulo ndi lolimba kwambiri pa ka ku Knysna, kamene padziko lonse kamapezeka m'mathiriro a mitsinje atatu okha, Knysna, Swartvlei ndi Keurbooms: kukagwira kapena kukasunga popanda chilolezo ndi mlandu.

Ambiri amangosankha kupatula kakamunako m'thanki ina. Kumenekonso thumba silileka kufuna chisamaliro. Tatimuna timadwala nthenda imene tatikazi sitiidziwa, mpweya wodzikundikira m'thumba. Thumba limafufuma ngati la mimba, koma kahatchi kamayamba kuyandama mchira uli m'mwamba, kulephera kutsikira kumbale, ndipo kakapanda kuthandizidwa kamafa ndi njala. Mwini amasamba m'manja bwinobwino, kukagwira pansi pa madzi, kukalola kakulunge mchira kuchala chake, n'kumasisita thumbalo pang'onopang'ono kuchokera kunsi kupita kukamwa kwake mpaka timathovu tituluke. Vutoli likamabwerezabwereza, madokotala a ziweto amalemba mankhwala otchedwa acetazolamide, omwe anthu odwala nthenda ya maso ya glaucoma amamwa, ndipo amawasungunula m'madzi otsukira m'thumbamo kapena m'thanki yapadera ya odwala.